"Ndi zakanthawi chabe": nanga madzi akapezeka, adzanene ndani?



Lero ndalemba zazitali, mundipirire. Amene bandulo yake yatsala pang'ono asunge kaye, adzawerenge usiku akaswali Isha.

Nkhaniyi inayamba Lachisanu lina ku yunivesite titangotuluka mu Jumu'ah. Tinakhala pamthunzi tikudikira nkhomaliro, ndiye mmodzi wa ife anatulutsa foni n'kutionetsa nkhani ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zakhala zikupha anthu ndi kuotcha midzi kuyambira mu Okutobala 2017. Tonse tinangoti zii. Kenaka m'bale wina amene ndimamulemekeza kwambiri, woti Qur'an amaidziwa kundiposa, anati: "Akhi, zimenezi zisanadumphe malire, boma lingopatsidwa mphamvu basi. Wokayikitsa aliyense azitsekeredwa kaye, mafoni azimvetseredwa, mafunso azibwera pambuyo. Ndi zakanthawi chabe. Kukadzakhala bata tidzabwerera mwakale. Komanso ngati ulibe chobisa, ukuopa chiyani?"

Tsiku limenelo ndinasowa chomuyankha, chifukwa mbali ina ankanena zoona. Cabo Delgado si kutali. Yachita malire ndi Niassa, ndipo Niassa yachita malire ndi Mangochi ndi Machinga. Ophedwa kumeneko ndi anthu wamba, alimi ndi asodzi, Asilamu ndi Akhristu omwe. Munthu woopa zimenezi sakulota ayi. Komabe mawu aja oti "ndi zakanthawi chabe" anandikhala pamtima, ndipo yankho lake ndinakalipeza mu minibasi popita kumudzi.

Kwathu ndi kumapiri a Dowa, chakumtunda kumene kukacha bwino umaona phiri la Ntchisi lili bii patsogolo pako. Msewu wa Lumbadzi, Dowa mpaka Chezi umadutsa pa Dzaleka. Ife a msinkhu uno timadziwa Dzaleka ngati kampu ya anthu othawa kwawo: msika wa Lachiwiri, chapati chotentha, Chiswahili ndi Chifalansa mumsewu, abale ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia. Koma agogo anga aamuna akamva dzina la Dzaleka, mpaka lero amatsitsa mawu. Amati pa unyamata wawo kumeneko sikunkalozedwa chala. Isanakhale kampu mu 1994, Dzaleka inali ndende yosungirako anthu amene boma lawaganizira, ambiri a iwo osaonekerapo n'komwe pamaso pa woweruza. Dzina lenilenilo, akuluakulu amati, linachokera ku mawu a munthu amene wakhaula: ndidzaleka, sindidzachitanso.

Minibasi itaima pamenepo kutsitsa anthu, ndinadzifunsa kuti kodi ndende imeneyi inabwera bwanji m'mapiri mwathu muno. Nditaifufuza mbiri yake, ndinapeza kuti inayamba ndi mawu omwe aja a m'bale wanga.

Pa 3 Malichi 1959, tsiku lomwe lero timakumbukira ofera dziko, Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, kutanthauza kuti dziko lili pa ngozi ndipo malamulo a masiku onse ayamba aima kaye. Chifukwa chimene atsamunda anapereka n'chakuti a Nyasaland African Congress anakonza chiwembu chopha azungu ndi ena ogwirizana ndi boma. Dr Kamuzu Banda anagwidwa m'bandakucha n'kutumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Pa doko la Nkhata Bay asilikali anaombera khamu lomwe linasonkhana kufuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa, n'kupha anthu osachepera 20. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ambiri ku Kanjedza ku Limbe.

Boma la Britain linatumiza woweruza milandu Patrick Devlin kuti adzafufuze. Lipoti lake la mu Julayi 1959 linavomereza kuti ziwawa zinalipo ndipo boma linayenera kuchitapo kanthu, koma silinapeze umboni wogwira mtima wa chiwembu chopha anthu mwaunyinji chija. Linanenanso chinthu chimene chinakwiyitsa akuluakulu ku London: kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Koma pomwepo linaonjezera kuti mosakayika zimenezi zinali zakanthawi chabe. Mwawamvatu mawuwo.

Poyang'ana mwachangu, ukhoza kunena kuti Devlin analondola. Kamuzu anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo Emergency inatha mu Juni chaka chomwecho. Miyezi 15 basi. Koma mu 1960 momwemo atsamunda anakhazikitsa lamulo lotchedwa Preservation of Public Security, lopatsa boma njira yogwiritsira ntchito mphamvu zambiri zangati zomwe zija popanda kulengezanso Emergency. Mu 1964 iwo ananyamuka, lamulolo analisiya. Zinali ngati munthu amene wasamuka m'nyumba n'kusiya chikwanje kuseri kwa chitseko: wolowamo watsopano anachipeza chili chonola kale.

Sipanapite nthawi chikwanjecho chisanagwire ntchito. Mu Seputembala 1964 Kamuzu anakangana ndi nduna zake. Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere anatsogolera anthu a zida kuchokera ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, kulunjika ku Zomba, koma anakalephera kuoloka Shire pa Liwonde. Apa tisanamizane, ngozi inalipodi. Boma lililonse likanachita mantha. Ndiye mu 1965 munatuluka malamulo otchedwa Public Security Regulations, olola boma kutsekera munthu popanda mlandu, popandanso tsiku lotulukira. Dzaleka inadzaza m'nyengo imeneyi.

Tsono taonani zomwe zinatsatira. Chipembere anachoka m'dziko muno mu 1965 momwemo, ndipo anamwalirira ku America mu 1975. Ngozi imene inabweretsa lamulo inatha. Lamulo lenilenilo linakhalabe mpaka 1993, anthu atavota pa referendamu ya pa 14 Juni. Zaka 28. Mwana wobadwa chaka chimene lamulolo linatuluka anali atakwatira, ali ndi ana ake opita kusukulu, asanalaweko Malawi wopanda ditenshoni.

Ndipo amene linawagwira m'zaka zimenezo sanali onyamula mfuti okhaokha. Ku Mangochi anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa mudzi wonse, powaganizira kuti ankagwirizana ndi anthu a Chipembere. A Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anadzaza Dzaleka m'ma 1970, mlandu wawo waukulu uli wokana kugula khadi la chipani. Machipisa Munthali analowa m'ndende mu 1965 n'kutuluka mu 1992, zaka 27, ndipo zambiri mwa zakazo anakhala chilango cha khothi chitatha kale. Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anagwidwa mu Seputembala 1987 n'kusungidwa ku Mikuyu mpaka Meyi 1991, osauzidwa mlandu wake. Ngakhale Albert Muwalo ndi Focus Gwede, amene anthu ankawaopa kuti ndiwo eni ake a mndandanda wa otsekeredwa, tsiku lawo linafika mu 1976. Muwalo anapachikidwa mu 1977, Gwede anakalowa m'ndende zomwe ankatumizako anzake. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwina wina anena kuti amenewo ndi mavuto a Kamuzu, munthu mmodzi. Ndinaganizanso choncho, mpaka nditasuzumira kwa anansi athu. Ku Zambia, Emergency inalengezedwa mu Julayi 1964 chifukwa cha nkhondo ya boma ndi mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali ndi Lundazi. Nkhondoyo inatha m'miyezi yochepa, Emergency inatha mu 1991, Kenneth Kaunda atagonja pa chisankho. Ku Zimbabwe, Ian Smith analengeza yake mu Novembala 1965. Robert Mugabe, amene iye mwini anakhala m'ndende ya Smith zaka pafupifupi 10, atatenga boma mu 1980 sanaichotse. Anapitiriza kuionjezera mpaka Julayi 1990.

Mwinanso wina ati ndi matenda a Africa. Ayi ndithu. Ku Britain, mabomba ataphulika ku Birmingham mu Novembala 1974 n'kupha anthu 21, aphungu anavomereza m'masiku ochepa lamulo lolimbana ndi uchigawenga lomwe m'dzina lake lenileni munalembedwa kuti ndi longoyembekezera. Anakhala akulionjezera chaka ndi chaka mpaka mu 2000, pamene analoweza m'malo mwake lamulo lokhazikika. Ku America, Patriot Act inasainidwa pa 26 Okutobala 2001, patangotha masiku 45 chichitikire chiwembu cha pa 11 Seputembala. Ndime zake 16 zinalembedwa kuti zidzatha mphamvu kumapeto kwa 2005, koma mu 2006 ndime 14 mwa zimenezo zinakhazikitsidwa kuti zikhale mpaka kalekale. Ndende ya Guantanamo inatsegulidwa mu Januwale 2002. Munadutsa amuna pafupifupi 780, ambiri anatuluka osaimbidwa mlandu uliwonse, ndipo ngakhale Barack Obama anasaina mu Januwale 2009 kuti itsekedwe pasanathe chaka, sinatsekedwe. Ku France, Emergency imene inayamba mu Novembala 2015 anthu 130 ataphedwa ku Paris inali ya masiku 12 poyamba. Inatha mu Novembala 2017, koma isanathe aphungu anasamutsira zina mwa mphamvu zake, monga kutseka nyumba zopemphereramo, m'malamulo a masiku onse.

Ndipo abale, tisathamangire kunena kuti awa ndi azungu odana ndi Chisilamu. Ku Egypt, dziko la Al-Azhar, Emergency imene inalengezedwa Anwar Sadat ataphedwa mu Okutobala 1981 inatha mu 2012. Zaka 31, ndipo otsekera ndi otsekeredwa ankaswali moyang'ana Qibla imodzi. Nthendayi siyang'ana khungu kapena chipembedzo. Imagwira aliyense amene wapatsidwa mphamvu popanda womufunsa.

Nanga n'chifukwa chiyani zimatere? Paja timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Bwanji mlendo uyu yekha akafika amamanga nyumba ya njerwa?

Ndikuona zifukwa zingapo. Choyamba, nkhondo ya pakati pa mayiko imakhala ndi tsiku lothera, anthu amasainirana mapepala n'kubwerera kwawo. Koma uchigawenga ulibe mfumu imene ingabwere kudzagwada kuti tagonja. Palibe m'mawa umene mkulu wa chitetezo angadzuke n'kulumbira kuti m'dziko lonse mulibe munthu ngakhale mmodzi woganiza zoipa. Ndiye lamulo likalembedwa kuti lidzatha "ngozi ikadzatha", ndiye kuti lalembedwa kuti silidzatha.

Chachiwiri, lamulo lotere siligonja pa mtsutso. Chaka chikadutsa popanda chiwembu, amati mwaona, lamulo likugwira ntchito, tisalichotse. Chiwembu chikachitika, amati mwaona, lamulo n'lofooka, tilionjezere mano. Kulikonse kumene mphepo yaombera, ilo limapindula. Komanso phungu kapena nduna imene ingalimbe mtima n'kulichotsa imadziwa kuti bomba likadzaphulika mwezi wotsatira, zala zonse zidzaloza iyo. Pomwe munthu wosalakwa akaola m'chitokosi, palibe amene amachotsedwa ntchito.

Chachitatu, mphamvu imazolowereka. Wapolisi amene wazolowera kutsekera kaye n'kufufuza pambuyo amaiwala luso lofufuza. Pamabadwa maofesi, magalimoto, maalawansi, anthu amene nsima yawo ikuchokera pa ngozi ija. Ndipo boma likasintha, olowa kumene, omwe dzulo ankalira ndi lamulolo, amaliyang'ana n'kuona kuti likhoza kuwathandiza pa adani awo. Kamuzu analawa Gwelo, Mugabe analawa ndende ya Smith, koma onse awiri atalowa m'nyumba chikwanje chija sanachitaye.

Chachinayi ndi chimene chimandiwawa kwambiri: mtengo wake amalipira ndi anthu ochepa. Ambiri amagona tulo tabwino, amadzuka, amapita kumunda kapena kuntchito, osamva kalikonse. Amene amamva kuwawa ndi kagulu kena kamene anthu sakukakonda kale: a mudzi wakutiwakuti, a mpingo wachilendo, obwera, ovala mosiyana ndi ena. Ndiye ambiri aja saona chifukwa chodzukira kuti lamulo lichoke.

Pamenepa ndi pomwe maphunziro a ku madrasa anandibwerera. Tonse tinaphunzira za dharura, kuti munthu akapanikizika kwenikweni, choletsedwa chimaloledwa. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 173, Allah Subhanahu wa Ta'ala akuloleza munthu amene njala yamufikitsa pa imfa kudya zomwe ndi haraam, koma pomwepo akuika malire awiri: asachite mozikhumbira, asapyolenso muyeso. Ma ulama a fiqh anatengapo mfundo zoti dharura imayezedwa ndi kukula kwake, ndipo chimene chaloledwa chifukwa cha vuto chimatha kuloledwa vutolo likachoka. Choncho Chisilamu sichikana kuti ilipo nthawi ya ngozi. M'bale wanga uja sanalakwitse pamenepo.

Chitsanzo chimene Ustadhi athu ankakonda ndi tayammam. Madzi akasowa, umamenya manja padothi loyera n'kuswali, ndipo swalah yako ndi yolandiridwa. Koma madzi akangopezeka, tayammam yatha. Sipafunika msonkhano. Munthu amene waima m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi madzi ali thothotho, iye n'kumamenyabe manja padothi chifukwa wudhu wa mu Juni kumapiri kuno umazizira, ameneyo sakutsatanso chilolezo cha Allah. Akutsata ulesi wake.

Tsono kusiyana kwake ndi uku. Pa tayammam, amene amaona madzi ndi iwe mwini, ndipo ukudziwa kuti Allah akukuona. Ukadzinamiza, waononga swalah yako yomwe. Koma pa malamulo a chitetezo, amene wapatsidwa chilolezo ndi yemweyonso amene amafunsidwa ngati madzi apezeka, ndipo tayammamyo ikumukomera. Akanena kuti madzi kulibe, sataya kanthu, wotaya ndi wina amene ali m'chitokosi. Ukamufunsa kuti tione nawo, amati zimenezo ndi zinsinsi za chitetezo. Funso lenileni tsono lisakhale loti kodi dharura ilipo. Likhale loti: madzi akapezeka, adzanene ndani, ndipo akadzanena, womva adzakakamizidwa ndi chiyani kuti amvere?

Kumbukiraninso nkhani ya Mneneri Yusuf, alaihi salaam. Mu Surah Yusuf, ndime 35, tikumva kuti akuluakulu aja anali ataona kale zizindikiro zoti mnyamatayo ndi wosalakwa, komabe anaona kuti n'kwabwino amutsekere kwa kanthawi. Kanthawiko kanasanduka zaka, chifukwa amene anayenera kumukumbukira anamuiwala. Sipanafunike munthu wankhanza woti azimuonjezera chilango chaka ndi chaka. Kunangofunika kuti pasakhale tsiku lolembedwa ndiponso munthu amene ntchito yake ndi kufunsa. Ndipo onani chimene Yusuf anachita mfumu itamuitana: sanathamangire kutuluka, anapempha kuti nkhani yake ifufuzidwe kaye. Ankafuna chilungamo chimveke poyera, osati kungokomeredwa mtima.

Ndiye m'bale wanga akati "ngati ulibe chobisa ukuopa chiyani", yankho langa ndi lakuti Yusuf analibe chobisa. Kukayikitsa sikukhala mwa iwe, kumakhala m'maso mwa wokuyang'anayo. Ndevu zako, kanzu yako, niqab ya mlongo wako, mabuku a Chiarabu m'chikwama, ndalama zimene malume amatumiza kuchokera ku Joni, gulu la WhatsApp la anzako a ku madrasa, zonsezi kwa iwe ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Kwa munthu wamantha amene sakudziwa chipembedzo chako, zikhoza kukhala umboni. Khothi ndi malo okhawo amene umapatsidwa mpata wofotokoza. Ukachotsa khothi, watsala ndi maso a munthu uja basi.

Izi si nthano, zinachitika konkuno. Mu Juni 2003, ku Blantyre kunagwidwa Asilamu asanu ochokera kunja, powaganizira kuti ankathandiza al-Qaeda. Bwalo lalikulu la milandu linapereka chiletso choti asatulutsidwe m'dziko, n'kulamula kuti aimbidwe mlandu kapena amasulidwe. Koma anthuwo anaperekedwa m'manja mwa Amereka n'kuulutsidwa kunja. Patatha milungu ingapo anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Taonani zinthu ziwiri. Nthawi imeneyo mtsogoleri wa dziko anali Bakili Muluzi, Msilamu mnzathu, ndiye tisamadzinamize kuti wathu akakhala pampando ndiye kuti tatetezeka. Komanso lamulo la ditenshoni linali litachotsedwa zaka 10 m'mbuyomo. Lamulo linachoka m'buku, chizolowezi chinatsala m'manja. Ndipo tinene chilungamo pa mbali yathu: mkwiyo wa nthawi imeneyo unapangitsa ena ku Mangochi kuphwanya matchalitchi a anthu omwe sanalakwe kanthu. Kumeneko kunali kuchita chomwecho chimene tinkadandaula nacho, kulanga gulu lonse chifukwa cha mantha ndi mkwiyo.

Kodi ndikunena kuti boma lingopinda manja zigawenga zikamayandikira? Ayi. Kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zikuluzikulu za Shari'ah, ndipo amene akulemba achinyamata athu kuti akaphe anthu m'dzina la deen ndi mdani wathu ife tisanafike n'komwe kwa boma. Afufuzidwe, agwidwe, aimbidwe mlandu, umboni ukapezeka alangidwe. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 saletsa zimenezo. Amangoti wogwidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Amalolanso State of Emergency, koma amene anawalemba anali atangotuluka m'zaka 28 zija, ndiye anaimanga ndi zingwe. Gawo 45 limati mtsogoleri sangalengeze yekha popanda komiti ya aphungu yoona za chitetezo kuvomereza, ikhale ya dera lomwe kuli vutolo, ithe pakatha masiku 21, ndipo kuionjezera kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, osapyola miyezi itatu nthawi iliyonse. Limatchulanso maufulu amene sakhudzidwa ngakhale kutavuta maka, monga moyo, kusazunzidwa ndi ufulu wa chipembedzo.

Ndipo zingwezi tinaziona zikugwira ntchito. Mu Epulo 2020, boma litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19, bwalo lalikulu linapereka chiletso kutatsala tsiku limodzi, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho oweruza anagamula kuti malamulowo anasemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kaya unkagwirizana ndi chigamulocho kaya ayi, mfundo ndi yakuti panapezeka wina wosiyana ndi boma amene anali ndi mphamvu yofunsa za madzi aja, ndipo boma linamvera.

Ndiye yankho langa pa funso loti kodi malamulo otere ndi akanthawidi ndi ili: paokha, ayi. Sakamuka okha ngati mame. Amatha pokhapokha anthu atawathetsa, monga makolo athu anachitira mu 1993, ndipo zimenezo zinatengera ena kutaya miyoyo. Choncho tsiku lina bilu yotere ikadzafika ku Nyumba ya Malamulo, mwina patangochitika zoopsa mitima ili m'mwamba, tisadzafunse kokha kuti kodi ngozi ilipo. Tidzafunse kuti tsiku lothera lalembedwa pati, ndipo likafika lamulolo limafa lokha kapena limadikira wina alichotse? Woona ngati ngozi yatha ndi ndani, yemwe uja wogwiritsa ntchito lamulolo kapena wina? Munthu wogwidwa adzaona woweruza pakatha maola angati? Ndipo funso lalikulu: mphamvu imeneyi itakhala m'manja mwa chipani chimene sindichikonda, ikuloza gulu langa, ndingaivomerebe?

Pali chinthu china chimene ndinaphunzira kwa Umar bin Al-Khattab, radhiya Allahu anhu. M'chaka cha chilala chotchedwa Ramadah, cha m'ma 18 Hijri, mbiri imatiuza kuti anaimitsa chilango cha kuba kwa anthu amene njala inawakakamiza, ndipo iye mwini anasiya kudya nyama ndi mafuta a mkaka mpaka anthu atapeza chakudya. Nthawi ya ngozi ya Umar inapepukitsa katundu wa ofooka n'kulemetsa wa mtsogoleri. Nthawi za ngozi zomwe tawerenga pamwambapa zinachita motembenuza. Ameneyo ndi muyeso wabwino woyezera lamulo lililonse lobwera m'dzina la chitetezo: likufinya ndani, ndipo likupeputsira ndani?

Ndimalize ndi Dzaleka pomwe ndinayambira, chifukwa mayeso athu ali pomwepo. Kampu imeneyi nayo inatsegulidwa ngati malo ongoyembekezera. Inakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, lero muli oposa 50,000, ndipo muli achinyamata a msinkhu wanga amene anabadwira momwemo. Mu 2023 boma linalamula othawa kwawo onse okhala m'matauni kuti abwerere ku kampu pofika pa 15 Epulo, ndipo kuyambira pa 17 Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kuwagwira ku Lilongwe. Mashopu anatsekedwa, anthu mazanamazana, ana omwe, anayamba asungidwa ku ndende ya Maula. Zifukwa zomwe zinkanenedwa ndi chitetezo ndi malonda. Ndidziulule ndekha: sindinalembe kalikonse nthawi imeneyo. Sanali a kwathu. Anzanga ena mpaka anaombera m'manja.

Ngati timangokumbukira za ufulu tsiku limene wogwidwa wavala kanzu, ndiye kuti chimene tikuteteza si chilungamo, ndi fuko lathu chabe. A Mboni za Yehova atadzaza Dzaleka, anthu ambiri ankati izo ndi zawo, bwanji osangogula khadi. Qur'an imatiphunzitsa kuima pa chilungamo ngakhale kwa anthu amene sitikuwakonda, ndipo lamulo limene tingalole lero kuti ligwire mlendo ndi lomwelo limene lidzapeze adiresi yathu mawa.

Holide itatha ndinakumana ndi m'bale wanga uja pa wudhu. Ndinamufotokozera zonsezi mwachidule. Sanagonje, anati ndikuchepetsa kuopsa kwa zigawenga, ndipo mwina tsiku lina adzalemba mbali yake pompano, ndidzawerenga ndi mtima wonse. Koma tinagwirizana pa chimodzi: aliyense wotiuza kuti ndi zakanthawi chabe, tizimupempha atilembere tsiku, ndipo ationetse munthu amene adzamuletse tsikulo likakwana.

Allah ateteze dziko lathu ku zigawenga ndi ku kupondereza komwe. Atonthoze abale athu a ku Cabo Delgado, awatsegulire njira okhala ku Dzaleka, ndipo atipatse mitima yosasintha muyeso chifukwa cha mantha. Pamene ndalondola ndi chisomo cha Allah, pamene ndalakwitsa ndi kufooka kwanga, mundikonze mwaubale.

Wassalamu alaikum warahmatullah.